Maginito a Hidaya

Tsiku limene Hidaya anachotsedwa ntchito pa galaja ina ku Chirimba, anayenda wapansi mpaka kwawo ku Chilomoni, ovolosi ili m'jumbo. Minibasi imene anaisintha oyilo Lolemba inanoka injini Lachitatu, ndipo bwana wake, a Herbert, sanafune kumva zambiri. Mbiri inawanda msanga: manja a Hidaya amapha injini.

Anayala masipanala ake pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu. Madalaivala ankangoimba hutala n'kudutsa. Zinamupweteka mtsikanayu, chifukwa ankadziwa kuti sanalakwitse kalikonse.

Koma anakumbukira kuti oyilo wakale wa minibasi ija ankanyezimira m'beseni, ngati munali tizitsulo ta injini yoperepeseka kale. Anaphwasula wailesi yakufa, n'kuchotsa maginito a sipika, n'kuwaviika mu oyilo wakuda wa galimoto ya aneba. Maginito anatuluka atamera ndevu za tizitsulo.

Kuyambira pamenepo, galimoto iliyonse ikabwera, ankayamba waviika maginito mwiniwake akuona. Kenako ankamata kamaginito kakang'ono pa bawuti yotsekera oyilo, kuti kazigwira tizitsulo tisanayambe kuzungulira mu injini.

Anthu anaseka. A Bonifasi, dalaivala wa minibasi, ndiye anaseka koposa.

"Iwe Hidaya, wayamba using'anga?"

"Taonani nokha, achimwene. Injini yanuyi ikudzidya m'kati. Muiimitse lero, osati mawa."

Ataona ndevuzo, kuseka kunatha. Atakatsegula injini anapeza zitsulo zitaperepeseka, kutatsala pang'ono kuti inoke. Pakamwa pomwe panatuluka chiseko paja ndi pomwe panalengeza nkhaniyi pasiteji yonse.

Lero pansi pa mango paja pali shedi ya malata, ndipo maminibasi amaima pamzere. Mwezi wathawu panaima galimoto ya a Herbert. Anatsika akuyang'ana pansi.

"Mayi, ikulira modabwitsa. Mungandionereko?"

Hidaya sanawakumbutse kanthu. Anamasula bawuti, oyilo n'kutsikira m'beseni, kenako anawaika maginito m'manja.

"Viikani nokha, bwana. Muone zimene zinalimo ine ndisanaikhudze."

Inu amene anakudetserani mbiri pa mlandu umene simunapalamule, musataye mtima, ndipo masipanala anu musawataye. Hidaya sanapite kukakangana ndi munthu. Anangopeza njira yoti anthu azidzionera okha.