Amuna Atatu a Nyamadzi

Kwa Tengani masiku ano amamudziwa kuti amake Lucky, mayi wogulitsa nsomba zouma pamsika, waulemu, wosachulutsa mawu. Koma amene anatola naye thonje zaka zapitazo amamutchulabe dzina la kuutsikana, Tiyamike wa kwa Lorenso, ndipo akalitchula amapukusa mitu.

Mwanayu anali ndi mutu, asakunamizeni munthu. Sukulu anailekezera Fomu 2 chifukwa madzi osefukira anakokolola nyumba ndi mbuzi zomwe, osati chifukwa cha mimba kapena umbuli ayi. Kwa Lorenso kulibe zimenezo. Chizungu chimene anatolako chinamukwanira kuwerenga mabuku amene msuweni wake Glory ankamutumizira pa foni kuchokera ku Blantyre. Anali mabuku odabwitsa: mtsikana mmodzi, amuna angapo omukonda, ena osanduka nyama, ena ouluka, ndipo mtsikanayo osaumirizidwa kusankha. Ankawerenga mpaka foni kuthima moto. Ikathima, n'kuyamba kupeka yakeyake.

Yake inali ya Nyamadzi, mwana wobadwira pansi pa mtsinje wa Shire. Amuna ake anali atatu. Wina anali ng'ona masana, munthu dzuwa likalowa, wansanje zedi koma woteteza. Wina ankayenda ndi mphezi m'thumba la malaya, ndipo akaseka mvula inkagwa m'munda mwa apongozi ake mokha. Wachitatu anali munthu wamba, wopalasa bwato, wopanda matsenga alionse koma wodziwa kumvetsera.

Nkhaniyi ankaikamba m'munda wa thonje, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Dzuwa la kuno limaphika munthu ali chiimire, koma amayi ankalimbirana mzere woyandikana ndi wake.

"Tiya, dzulo unatisiya Ng'ona ili pakhomo," ankatero amake Anita, mayi wa pakamwa potentha. "Yalowa kapena?"

"Tolani kaye thonje, mayi. Thumba lanulo likadali lopepuka ngati mutu wa amuna anu."

"Mwana wopanda mwambo iwe! Tayamba, tatopa nako kudikira."

Chaka chimenecho Augustino, mnyamata wokonza njinga, anapereka luphato, chikole chija cha kwa Asena chosonyeza kuti mtsikana watengedwa. Tiyamike ankamukonda, ndipo sankabisa. Monga mwa mwambo wa kwawo kwa mnyamatayo, azakhali ake, a Josephine, anabwera kudzagwira ntchito limodzi ndi mtsikana kuti aone manja ake ndi khalidwe lake. Manja anawaona, ndipo panalibe chonena. Koma makutu nawo anali pantchito.

"Nanga mwanawe," anafunsa a Josephine akumanga thumba, "Nyamadzi wakoyu akwatiwa ndi uti?"

"Ndi onse atatu, azakhali. Aliyensetu ali ndi ntchito yake."

Munda wonse unagwa ndi phwete. A Josephine okha sanaseke. Atafika kwawo anauza abale kuti, "Ntchito pyadidi, amaigwira bwino, mtsikana ngolimba. Koma m'mutu mwake muli amuna atatu. Munthu sangafotokoze mokoma chotere zinthu zimene sanazilawe." Mawu anafika kwa Lorenso akuti luphato likhoza kuitanitsidwa.

Mwana wosadziwa ngakhale khomo la mwamuna, kumunenera zimenezo! Komatu mwano ukangoyamba kuyenda pamudzi subwerera wokha.

Augustino anamupeza pamjigo, mafuta a njinga ali m'manja.

"Ine sindikukukayikira, Tiya. Wabwato uja ndine, eti?"

"Wakuuzani ndani?"

"Amapalasa ndi dzanja lamanzere. Kuno wamanzere ndani?"

Tiyamike anaseka, koma mnyamatayo nkhope inali yolemera. "Mawa azakhali abweranso. Nkhani ija uimalize ali pompo. Nyamadzi asankhe mmodzi, nkhani ithe. Si nthano chabe kodi?"

Mawu akuti chabe aja anamulasa kuposa onse a azakhali. Anasenza ndowa n'kuuyamba wa kunyumba. Njira yonse ankayesa kupeza mathero oti apulumutse onse atatu, naye n'kupulumutsa banja lake, koma sanawapeze.

M'mawa mwake anaikamba nkhaniyo maso ali pa thonje. Ng'ona inalasidwa mkondo ndi asodzi ikuwothera dzuwa pamchenga. Wamphezi anatengedwa ndi mitambo kupita ku Mozambique, osabweranso. Nyamadzi anatuluka m'madzi, anavala chitenje, anagwada pamaso pa abale a wabwato n'kuyamba kuwasinjira mapira.

"Kenako?" anafunsa wina.

"Kenako anakhala."

"Basi?"

"Basi."

"Takhuta, mwana wathu," anathokoza m'Chisena a Josephine, akumusisita paphewa. Amake Anita anaponya thumba pansi, misozi ili mbwembwembwe. "Ng'ona yanga waipheranji, mfiti iwe? Inakulakwira chiyani?"

Ukwati unachitika, ndipo ndi banja labwino, pasakhale wonena zina. Augustino samwa, sakweza dzanja, ana atatu onse ali pasukulu. A Josephine lero amayenda akudzitama kuti mkamwanayo anamusankha okha. Tiyamike anapeza chimene ankaopa kutaya.

Koma kuyambira tsiku lija sanakambenso nkhani ina. Palibe anamuletsa. Nyengo ya thonje itabweranso amayi anamuchonderera, iye n'kuyesadi kutsegula pakamwa, koma munthu aliyense amene ankamupeka ankayamba wamuyeza kaye ngati azakhali angamulole. Opekedwa otere sayenda, sapuma. Glory anatumizabe mabuku kwa kanthawi, kenako anatopa. Ngakhale Augustino tsiku lina, akumata chubu pakhonde, anati, "Amake Lucky, tatikambirako ya Ng'ona ija." Mkazi wake anangomuyang'ana, ndipo bamboyo anaweramira chubu chake.

Kumunda tsopano amayi amatola thonje akudandaula za mitengo ndi misana. Amake Anita anakalamba, mano anatha, koma akafika pamsika kudzagula nsomba amaweramira pafupi ngati akufunsa za wodwala.

"Tiya, tanena zoona. Mwinatu inangokomoka? Ng'ona sizifa msanga."

Tiyamike amakulunga nsomba m'pepala mosafulumira.

"Inafa, mayi. Ndinaipha ndekha, inu mukuona."

Akatero amaonjezerapo nsomba imodzi yaulere, n'kuitana wogula wina.