Matayala a Che Zuberi

Che Zuberi anakhalitsa ku Joni mpaka ife Amalawi anzawo okhala ku Dukathole, ku Germiston, tinasiya kuwafunsa za kumudzi. Ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Bedfordview, kutchetcha kapinga ndi kusamala maluwa a mzungu wina wokalamba. Kwawo ku Namwera anasiyako akazi awo, a Fadila, ndi mwana wamkazi ali kumsana. Poyamba ankatumiza kangachepe, kenako mafoni okha, kenako zii.

Tsiku lina dalaivala wonyamula katundu wa kumudzi anabwera ndi uthenga: a Fadila akuti Idi ikadutsa bambo asanabwere, ukwati watha. Che Zuberi anachita mantha ndithu, koma anati tchona safika chimanjamanja. Idi inadutsa iwo akusonkhabe filiji, bedi ndi malata.

Mzungu uja posamukira kwa ana ake anawasiyira kagalimoto kakale ka bodi. Matayala onse anayi anali osalala ngati chikhatho, ndipo Che Zuberi anakwanitsa kugula awiri okha atsopano. Kwa a Wallace, amene amamata matayala m'mbali mwa msewu ku Germiston, kunabuka mkangano. A Wallace anati atsopanowo apite kumbuyo, kumene kuli katundu, chifukwa la kumbuyo likaphulika kapena kutsetsereka pamvula, chiwongolero sichikumveranso. Che Zuberi anakana. Ati galimoto ikamalowa m'mudzi anthu amayamba kuona kutsogolo. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kumavutika ndi zoti anthu aona chiyani!

Che Zuberi anagonja, koma mwachiphamaso. Anadutsa Beitbridge ndi Tete atsopanowo ali kumbuyo. Atatsala pang'ono kufika, anaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, natulutsa jeke, nasintha matayala ali okhaokha, atsopanowo kuwaika kutsogolo, katundu yense ali pamwamba. Anawapaka ndi polishi ya nsapato yomwe. Anafika kwawo dzuwa litapendeka, manja ali bii.

Izi anatiuza okha, osabisa kalikonse. Ana anathamangira galimoto. Amuna a m'mudzi anaizungulira, kumagogoda matayala akutsogolowo ndi phazi n'kumagwedeza mitu. A Fadila anatuluka mochedwa, ndipo galimotoyo sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana mwini wake.

“Mwakalamba,” anatero. “Katunduyo tsitsani, athandiza mwana wanu, akukwatiwa mwezi wamawa. Inuyo mukagone kwa achemwali anu.”

Che Zuberi anabwerera kuno ukwati wa mwanayo utangotha, ndipo anapeza gadeni ina ku Bedfordview komweko. Sadandaula, ndipo za kumudzi tinasiyanso kuwafunsa. Kagalimoto kaja amayenda nako Lachisanu popita ku mzikiti. Akamadutsa pa a Wallace, a Wallace amawakumbutsa kuti mvula yayandikira, abweze matayala abwinowo kumbuyo.

“Asiyeni momwemo, achimwene,” amayankha. “Kumbuyoko kulibenso katundu.”