Chisipanishi Changa pa Matenda a Amayi

Ndikukumbukira khonde la sitolo ku Old Town pomwe bambo ankasokerapo zovala, fungo la mafuta a makina likusakanikirana ndi la chipisi cha pamsewu, wailesi yamabatire ili pambali. Chaka chimenecho amayi anali ndi chotupa m'mimba, ndipo pa wailesipo maloya ankangokangana za lamulo latsopano la zaumoyo: odwala azilipira kapena asamalipire? Nkhaniyo inafika kukhoti, khoti linaika chiletso, ndipo kuchipatala anatiuza kuti makina atsopano ounikira m'mimba sagwira ntchito mpaka mlandu uthe. Bambo ankautsatira mlanduwo ngati mpira. Amayi ankangowonda.

Ine ndinali mu Fomu 2, ndipo Loweruka lililonse ndinkaphunzira Chisipanishi kutchalitchi, kwa asisitere ena ochokera ku Spain. Kunena zoona, chomwe chinkandikokera kumeneko chinali mabisiketi omwe ankagawa pomaliza. Komabe ndinadziwa kupempha khofi wa mkaka, kufunsa njira ya kusiteshoni ya sitima, ndiponso kunena kuti galu wanga ndi woyera, ngakhale kwathu kunalibe galu. Bambo ankandionetsa kwa makasitomala awo ngati satifiketi.

Tsiku lina wogulitsa nsalu wina anauza bambo kuti kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, kuli dokotala wa ku Cuba yemwe amaunika odwala osadikira khoti. Bambo anandiyang'ana nkhope ikuwala. "Si chilankhulo chako chija chimenecho? Wokatimasulira ndiwe, Chisomo mwanangu."

Tinakwera minibasi ya ku Dedza m'mamawa. Amayi anatsamira paphewa panga, akununkha mankhwala opaka, ndipo bambo anafungatira nkhuku yoti akamupatse dokotalayo. Njira yonse ndinkabwereza za khofi ndi za galu chamumtima.

Dokotalayo anali wamtali, wotopa m'maso. Ndinamupatsa moni bwinobwino, iye n'kumwetulira, bambo n'kukhosomola monyada. Atawaunika amayi, dokotalayo anakhala pansi n'kuyamba kundifotokozera. Mawu ankangothamanga, ndipo panalibe ngakhale amodzi omwe anali m'buku lathu. Mantha omwe anandigwira sindinawaiwale mpaka lero. Kenako anandigwira dzanja n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Muy tarde."

Amenewo ndinawamva. Asisitere ankatikalipira nawo tikafika phunziro litatsala pang'ono kutha.

"Akuti chiyani?" anafunsa bambo.

"Akuti tachedwa kwambiri, ababa."

"Tawafunsanso. Mwina sunamve bwino."

Mawu ofunsira ndinalibe. Amayi ndi amene anamanga bwino chitenje chawo n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, musamuvutitse mwana. Tiyeni kwathu kusanade." Nkhuku ija dokotala anaikana, tinabwerera nayo.

Amayi anatisiya mvula isanagwe. Mlandu uja unali usanathe. Bambo anazimitsa wailesi, ndipo kuyambira pamenepo ankasoka kuli zii.

Lero ndimagwira ntchito ku City Centre, ndipo foni yangayi imamasulira chilankhulo chilichonse nthawi yomweyo. Kumaeriya kwadzaza zipatala zolipira za mageti okongola. Koma m'minibasi ndimamvabe maloya ena atsopano akukangana pa nkhani yomwe ija, modekha, ngati kulibe wodwala yemwe akudikira, ndipo mtima umandiwawa. Mwana wanga akandifunsa ngati ndimadziwadi Chisipanishi, ndimamuuza kuti ndinatsala ndi mawu awiri okha, ndipo sindikufuna kuti adzawamve.