Msuzi pa Chivundikiro cha Poto

Ndikukumbukira tsiku lake ndi nthawi yake yomwe. Linali Lolemba, belu la sikisi koloko m'mawa litangolira ku esiteti, pamene amayi anamasula mng'ono wanga Enelesi kumsana kwawo n'kumumangirira kumsana kwanga. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Amayi anali atazindikira kuti ali ndi pakati pena, ndipo kwathu ankati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Dzulo lake anali atapaka tsabola kubere. Enelesi anayamwa kamodzi, analira, kuyamwa kunathera pomwepo. Sukulu yanganso inathera pomwepo, ndili sitandade yachiwiri.

Ataima pakhomo, dengu lothyolera tiyi lili kumsana, anandipatsa malamulo.

"M'mawa phala. Masana um'nyemere nsima, uziviika mumsuzi. Msuzi wokha, wamva? Nandolo asalowe m'kamwa mwakemo, m'mimba mwa mwana simugaya makoko."

"Nanga m'mimba mwanga mumagaya bwanji?"

"Iwe m'kamwa mwako ndi momwe simupuma," anatero, n'kutsetsereka kupita kumunda.

Tinkakhala kumalayini, nyumba za antchito zomangidwa m'mizere, tiyi atatizinga mbali zonse mpaka kuphiri. Inali nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri ndipo akulu onse amachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Abambo ankagwira ku fakitale. Pamalayini pankatsala ife alezi, ana, ndi okalamba ochepa. Chakudya cha Enelesi ndinkachidziwa pamtima: phala la ufa woyera lamadzimadzi lothira mchere, tiyi wopanda mkaka m'kapu, ndi timbamu ta nsima tonyowetsa mumsuzi wa nandolo. Ana onse a msinkhu wake ankadya choncho. Amayi sanali munthu wosasamala. Ankachita zimene amayi awo ankachita.

Patapita miyezi iwiri, Enelesi anayamba kusintha. Masaya anatukumuka, mapazi anadzaza mpaka kumawala. Azimayi pampopi ankanditamanda. Ankati mwana wanenepa kuposa m'mene ankayamwira, mlezi uyu ndi wodziwa. Ndinkanyada ndithu. Koma panali zinthu zimene zinkandizunguza mutu. Mwana wonenepa bwanji saseka? Kale ankayenda chogwira khoma, tsopano ndikamukhazika pamphasa ankangokhala pomwepo ngati thumba. Tsitsi lake linafiira n'kufewa ngati ndevu za chimanga. Ndipo ndikamamusambitsa ndinkaona kuti kunenepako kuli kumapazi ndi kumaso kokha, mikono kumtunda kuno inali tindodo. Ndinawafunsa amayi. Anali atatopa, zala zitada bii ndi utomoni wa masamba a tiyi, ndipo anangoti ndi mano akumera.

Kumapeto kwa mzere wathu kunkakhala a Makwinja, nkhalamba imene inagwira ukuki m'nyumba ya bwana wa esiteti zaka zambiri. Maso awo anali atachita khungu pang'ono, ndipo ankasungidwa ndi mwana wawo. Anali ndi galu amene anamutcha Kapitawo, ati chifukwa ankangoyendayenda kuyang'ana ena akugwira ntchito. Galu ameneyu chaka chikamayamba unkatha kumuwerenga nthiti. Koma miyezi imeneyo anasalala, ubweya kumanyezimira, akumathamangitsa nkhuku malayini onse. Zinandivuta kumvetsa, popeza sindinaonepo munthu akum'ponyera kanthu.

"Agogo, Kapitawo mukum'patsa chiyani?"

"Ndim'patse chiyani ine wodyetsedwa ndi mwana? Kam'tsate, ukaone wekha."

Ndinam'tsatadi, Enelesi ali kumsana. Anadutsa kuseri kwa zimbudzi, n'kulowa m'kanjira kotsikira kumtsinje, mpaka pamtengo waukulu wa mapeyala. Pansi panali mapeyala akugwa okha, ena ataphulika. Kapitawo anapanira limodzi ndi miyendo yakutsogolo n'kuyamba kunyambita mpaka kutsala khoko ndi nthanga. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mapeyala ife akuluakulu tinkadya, koma ana aang'ono sankapatsidwa, ati mafuta ake amatsegula m'mimba.

Ndinabwerera kwa a Makwinja ndi funso lina. Ndinati Kapitawo wanenepa ndipo akuthamanga, Enelesi wanenepa koma wasiya kuyenda, kodi kunenepa kulipo kuwiri? Nkhalambayo inasiya kuseka. Anati ndimuike mwanayo pamiyendo pawo, ndipo anamupapasa pang'onopang'ono, mikono, mimba, mapazi, popeza manja ndi amene anali maso awo. Anafunsa zimene amadya. Nditawauza, anandituma kukatenga poto wathu wa nandolo.

Mbaula yawo inali ndi makala. Anatenga chivundikiro cha potoyo, anachitembenuza, n'kuchiika pamoto. Mbali imodzi anathirapo masupuni awiri a msuzi, mbali ina supuni imodzi ya nandolo weniweniyo. Anati ndikhale pansi ndiziyang'ana, ndiziwauza zimene ndikuona. Msuzi unawira, unachita thovu, unayamba kuchepa m'mbalimbali. Posakhalitsa panatsala banga lofiirira basi. Nandolo anangouma kunja, koma anali pomwepo, mulu wake womwewo.

"Chikazizira upale ndi chala pamene panali msuzipo, unyambite."

Ndinapala. "Ndi mchere, agogo."

"Chimenecho ndiye chakudya cha mng'ono wako miyezi iwiri yonseyi. Msuzi, mwanawe, ndi madzi amene nandolo wasambamo. Mwini wake ndi uyu watsalayu."

Ndinafunsa za makoko, popeza amayi anali ataletsa. Anati amayi sananame, makoko amavutadi m'mimba mwa mwana, koma ndiye tichotse makokowo, osati nandoloyo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kasefa kakale kosefera tiyi, kamene anachoka nako kukhitchini ya bwana. Anaikamo nandolo n'kumakanikiza ndi msana wa supuni. Pansi pankatuluka zofewa ngati phala, makoko n'kutsala pamwamba. Anandiuza kuti phala ndiziphika la mgaiwa, lolimbirako loti silikuyenderera pasupuni, ndizisakanizamo nandolo woteroyo, ndipo ndikaphula ndizipoteramo chibenthu cha peyala lakupsa bwino. Anati ana a bwana ankawadyetsa motero, pang'ono koma kawirikawiri: lero dzira, mawa dzungu, nthochi pakati pa tsiku. Ndinafunsa ngati m'mimba mwa ana a azungu ndi mofanana ndi mwathu.

"Matewera awo ndinawaona ine. N'chimodzimodzi."

Kenako ananena mawu amene sanali oseketsa. Anati kumeneku si kunenepa, ndi kutupa, ndipo ndikawauze amayi kuti apite naye kuchipatala. Ndinakawauza madzulo omwewo. Amayi anati a Makwinja saona njira ya kuchimbudzi, aona bwanji matenda a mwana wa eni? Komanso nyengo imeneyo kujomba tsiku limodzi kunkatha kum'chotsetsa munthu ntchito. Za phala lija sindinatchule. Ndinadziwa kuti andiletsa, ndipo ine ndinkafuna kuona chimene chichitike.

Tsiku loyamba Enelesi anakana. Anatembenuzira nkhope kukhoma, milomo atatseka. Ndinaphunzira kuti mwana wodwala sakakamizidwa: masupuni awiri, kumuyendetsa pabwalo, kumuonetsa nkhuku, masupuni ena awiri. Kambale kamodzi kankatha dzuwa litasuntha ndithu. M'mawa uliwonse amayi akangotsetsereka, ndinkathamangira kumtengo kuja kuti ndikafike Kapitawo asanasankhe mapeyala abwino. Tsiku lina ndinkatapako nsinjiro m'chitini cha amayi, tsiku lina ndinkasinja matemba awiri mpaka kukhala ufa. Kawiri a Makwinja anandipatsa dzira la nkhuku yawo, ndinaliswera m'phala lili pamoto n'kutakasa mpaka kupsa. Ndinayesa nkhwani wophika wosinjasinja, anamulavula. Mawa lake ndinamusakaniza ndi nthochi, anameza. Chilichonse chimene ndayesa ndinkakawauza agogowo, iwo n'kumati, "Nanga wanyera bwanji?" Tinkakambirana zimenezo ngati anthu awiri ogwira ntchito imodzi.

Sabata yachitatu kutupa kunayamba kuphwa. Apa ndi pamene zinandivuta, chifukwa madzi aja atachepa, Enelesi anaoneka m'mene analili. Masaya anagwa, khungu la m'ntchafu linachita makwinya. Azimayi omwe aja ankanditamanda anayamba kunong'onezana pampopi kuti mwana uja watha bwanji. Mmodzi anali atandiona ndikuchokera kumtengo wa mapeyala, ndipo anakawauza amayi kumunda.

Loweruka masana amayi anabwera msanga. Anandipeza pakhonde, kasefa kali m'manja, makoko a nandolo ali mbwee pansi. Sanafunse zambiri. Anathyola kanthambi ka bulugamu n'kundikwapula m'miyendo, akukalipa m'Chilomwe, chimene ankayankhula akakwiya zenizeni. Ankati ndawaphera mwana, anandisiyira mwana wonenepa ine ndamusandutsa mafupa. Misozi inkatsika m'masaya mwawo. Zinkawawa, koma chimene ndimakumbukira kwambiri si ululuwo. Kumbuyo kwa amayi ndinkaona Enelesi akukwawa kupita pamene panali kambale kaja. Anapisamo dzanja lonse n'kuyamba kudya yekha. Kwa masabata angapo anali asanasunthepo pamphasa kutsata chinthu chilichonse. Ndinkafuna kunena kuti amayi tatembenukani muone, koma ndinkangolira.

Lolemba amayi sanapite kumunda. Anabereka Enelesi ulendo wa kuchipatala cha mishoni ku Makwasa, ine atandigwira dzanja kuti ndikaulule ndekha zimene ndam'dyetsa. Namwino amene tinamupeza anali mayi wamkulu wodekha. Anamuika mwanayo pasikelo, anamuyang'ana tsitsi, kenako anadina pamwamba pa phazi lake ndi chala chachikulu, n'kudikira pang'ono. Atachotsa chalacho panatsala kadzenje, ngati pamene wadina mbatata yophika.

"Mwana wonenepa mukamudina chonchi, mnofu umabwerera," anatero. "Awa ndi madzi. Amadya chiyani?"

"Funsani uyu," anatero amayi. "Ndi amene wakhala akum'patsa zinthu."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa Kapitawo mpaka pa chivundikiro cha poto. Namwinoyo anaseka pa nkhani ya galu, koma atatembenukira kwa amayi anayankhula mosaseka ndiponso mosakalipa. Anati matendawa amabwera mwana akamakhuta zinthu zopanda chomanga thupi, ndipo kuphwa kwa madziko si kutha kwa mwana, ndi chiyambi cha kuchira. Koma anatinso mwana wotupa sachizidwira pakhomo, akanayenera kubwera kalekale, ndipo ngozi inali isanathe. Anamugoneka m'chipatalamo, amayi n'kutsala naye. Anakhala kumeneko masabata atatu, akuyamba ndi mkaka wa kuchipatala, kenako phala.

Amayi sanandipepese ndi pakamwa, ndipo sindinayembekezere kuti angatero. Tsiku limene anatuluka m'chipatala, Enelesi akuyenda chogwira chitenje chawo, anafika pakhomo, anatula katundu, n'kutenga kasefa kaja pamene ndinakabisa kudenga.

"Tandionetsa m'mene umachitira," anatero.

Mwana amene anabadwa pambuyo pake, ndi winanso wotsatira, sanatupepo.

Enelesi anakula, anakwatiwa ku Thekerani, ndipo anali munthu woseka kwambiri kuposa tonse m'banja mwathu. Chaka chatha anadwala masiku ochepa n'kutisiya. Anasiya mwana wamkazi, Chisomo, wa chaka chimodzi ndi miyezi itatu. Titaika maliro, achibale anakhala pansi n'kugwirizana kuti mwanayo apite kwa mayi ake aakulu, ndiye ine.

Ndilibe sukulu yoti ndingatchule maina a zimene zili m'zakudya. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mimba ya mwana ndi yaing'ono ngati chibakera chake, ndiye chilichonse cholowamo chiyenera kukhala ndi kanthu. Ndikumvetsanso kuti amayi ankandimenya chifukwa cha mantha, ndipo kuti munthu angathe kumukonda mwana ndi mtima wonse uku akumupatsa madzi. Zimene ndimamupatsa Chisomo si zapatali. M'mawa phala la mgaiwa la nsinjiro, lina ndimathiramo kamafuta ndi masamba osinja. Dzuwa likakwera nthochi kapena papaya. Masana amadya zimene tikudya tonse, koma m'mbale yakeyake kuti ndione zimene walowetsa, ndiwo nditaziphwanya bwino. Mbatata yofiira m'kati amaikonda ikakhala yopota ndi dzira. Tiyi sindimupatsa, ngakhale kuti ndi amene amatidyetsa kuno. Azimayi achitsikana pamalayini akandifunsa, ndimawauza, ndipo akakayika ndimawatuma kukatenga poto wawo.

Chisomo tsopano akuthamanga, ndipo azimayi pampopi akuti wanenepa. Ndimawathokoza. Koma m'mawa uliwonse ndikamamusambitsa ndimadina phazi lake ndi chala, ndimadikira pang'ono, n'kuchotsa. Mnofu ukabwerera, ndimamupukuta n'kupita kukatereka phala.