Zitsekerero za anthu amene sanagule

Ine ntchito yanga ndi pakamwa. Zaka zambiri ndaima pakauntala ya shopu ya zitenje ku Old Town, ndipo mtengo sindinkauwerenga papepala, ndinkauwerenga kumapazi kwa munthu. Wa nsapato zonyezimira, makiyi a galimoto akulira m'manja, ndinkamuyambira kumwamba. Wa patapata wodzaza fumbi la kudepoti ndinkamuyambira pakati. Kenako tinkakokana mpaka aliyense adzione ngati wapambana. Ndinkadzitama kuti mumzere wonse wa mashopu panalibe wondiposa pa kunenerera.

Mwini shopu, mayi wakumpoto amene anapuma ntchito m'boma, miyendo itayamba kuwavuta anasiyira bizinesi mwana wawo wamkazi. Mwanayu ndinamuona akukwawa pansi pa kauntala yomweyo. Tsopano anabwera kuchokera kuofesi ina ya ku City Centre atanyamula laputopu, kamakina ka malisiti, ndi pulogalamu yolemba chilichonse chotuluka m'shopu: nsalu yanji, tsiku lanji, wagulitsa ndani, pa mtengo wanji, walipira bwanji.

Patapita miyezi iwiri anandiitana.

"Ankolo, takhalani apa muone."

Pakompyuta panali mizere, ina yobiriwira, umodzi wofiira.

"Wofiirawu ndi ndani?"

"Ndi inuyo."

"Ndapha ndani kuti andipake magazi?"

Sanaseke. Anandionetsa kuti anthu olipira ndi khadi ya kubanki, azimayi anga a ku Area 47 amene ndinkati ndikuwadyera, ndiwo ankagula motchipa kuposa wina aliyense. Olipira ndi ndalama zomasula pamfundo ya chitenje ndiwo ankagula modula.

Zinali zoona. Mayi wa galimoto ali ndi nthawi. Amakhala pampando, amanditcha achimwene, amaimba foni kushopu ina ine ndikumva, mpaka ndimafewa ngati nthochi yakupsa. Mayi wa kumudzi amayang'ana dzuwa, akuopa kusiyidwa ndi minibasi, ndiye amangokoka kawiri n'kulipira. Katswiri uja ndinali kudyera osauka n'kumadyetsa olemera, kwinaku ndikudziguguda pachifuwa.

"Kuyambira Lolemba, nsalu iliyonse ikhala ndi sitika ya mtengo," anatero. "Kunenerera kwatha. Mukalephera, mupita kuchipinda cha kumbuyo muzikapinda nsalu. Pakauntala ndiika wina wodziwa kungodina."

Kumbuyo kulibe windo, kulibe munthu woyankhula naye. Kutumiza ine kumeneko n'chimodzimodzi kundiika m'manda ndili ndi maso.

"Abwana aang'ono," ndinatero, "kuti ndalakwa ndavomera. Koma mtengo wosanenerera kuno ndi mwano. Anthu athawa."

"Akathawa, pulogalamu itiuza."

Masitika anamatidwa. Lachitatu kunabwera mayi wina wofuna nsalu ya yunifomu ya ukwati wa mwana wake, mipukutu iwiri yathunthu. Mtengo wa pasitika unali wabwino, wotsika kuposa umene ine ndikanamuyambira.

"Tsitsaniko pang'ono, bambo."

"Ndi womwewo, mayi."

"Ngakhale ya thiransipoti?"

"Ndi womwewo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba, pamene kauntala inanditchinga.

"Ndiye mwandiyesa ndabwera kudzalipira bilu ya madzi? Kwathu ndikanena kuti ndagwira ntchito yanji?"

Anatuluka, nalowa shopu yoyandikana. Ndinamumva akukokana ndi mnzanga wa kumeneko mpaka anatuluka akumwetulira, mipukutu ili pamutu. Ndikudziwa mitengo ya mnzangayo. Mayiyo analipira zambiri kuposa za pasitika yathu, koma anapita kwawo ndi nkhani yoti anamugonjetsa wamalonda wa m'tauni.

Nditawauza abwana aang'ono, anayang'ana pakompyuta.

"Sizikuoneka apa, ankolo. Imeneyo ndi nkhani ya munthu mmodzi."

Apo m'pamene ndinazindikira. Makinawo amaona munthu akalipira basi. Wotuluka chimanjamanja kwa iwo sanabadwe n'komwe.

Ndinapita kugolosale ya pakona kukapempha zitsekerero za mabotolo. Mwini golosale anaganiza kuti ndayamba kusewera bawo pantchito. Ndinaika chitini pansi pa kauntala. Munthu aliyense wogwira nsalu, kupempha kuti nditsitse, n'kutuluka nditakana, ndinkaponya chitsekerero chimodzi. Poweruka ndinkazimanga m'kajumbo ka shuga n'kulembapo tsiku. Ndisaname, tsiku lina nditapsa mtima ndinaponyamo ziwiri zaulere. M'mawa mwake ndinazichotsa. Ndinati ngati makina sanandinamizire, inenso sindiwanamiza.

Masabata atatu ndinanena "ndi womwewo" mpaka lilime linachita dzanzi. Sindinatsitse ngakhale tambala, chifukwa ndinkadziwa kuti chipinda cha kumbuyo chikundidikira.

Tsiku lomaliza ndinakhuthula timajumbo tonse patebulo, pafupi ndi laputopu.

"Izi n'chiyani?"

"Makasitomala anu amene pulogalamu siwadziwa."

"Ndidziwa bwanji kuti simunangotola kubala?"

"Kubala ndikanatola za mowa. Izi ndi za zoziziritsa kukhosi zokhazokha. Tsegulani masikuwo mufananize ndi makina anuwo."

Anakoka mpando, namasula kajumbo koyamba. Ankawerenga n'kumalowetsa m'kompyuta, tsiku ndi tsiku. Ine ndinaima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, ngati ndili kukhoti. Ndinkadziwa kuti chinthu chimenechi chinandiyalutsapo kale, ndipo chikhoza kundiyalutsanso.

Mzere watsopano unatuluka pamwamba pa wakale. Masiku amene zitsekerero zinachuluka, makamaka Loweruka ndi kumapeto kwa mwezi pamene anthu a maukwati amabwera, ndiwo masiku amene mipukutu yathunthu inasiya kutuluka. Nsalu imodziimodzi inkayenda bwino ndithu. Koma ogula zambiri, amene shopu imadalira, ndiwo anali m'timajumbo.

"Hmm," anatero.

"Mwati bwanji, abwana? Sindinamve."

"Ndati hmm, ankolo. Musawonjeze."

Anaganiza, chala chili pamlomo. Kenako analamula. Masitika achoke. Mtengo woyambira ukhale umodzi kwa aliyense, wa galimoto ndi wapansi. Mtengo womaliza, wosatsikanso, uzikhala m'kompyuta, ndipo ndikaudumpha lisiti lizikana kutuluka. Pakati pa iwiriyo ndi bwalo langa. Anawonjezeranso batani lodina munthu akatuluka osagula.

"Ndiye kumbuyo kuja?"

"Kukukudikirani. Mwezi uliwonse ndiziyang'ana mzere wanu."

"Muziyang'ana. Inenso ndiziyang'ana wanu."

M'mawa mwake woyamba kulowa anali mmodzi wa azimayi a khadi aja. Anakhala pampando, naika chikwama pamwendo.

"Achimwene anga, lero mundichitira bwanji?"

Tinakokana bwinobwino, ndinatsika, ndinatsikanso, mpaka ndinafika pamene makina analemba. Ndinaima. Iye anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira shopu ina.

"Imbani, achemwali," ndinatero, ndikumukokera mpando pafupi ndi fani. "Mayunitsi akatha, ndikubwerekani foni yanga."