Waya Wakuda wa Ababa

Amene anaika magetsi mu baraka yanga, kagolosale ka pamsika wa ku Tsangano, ndi ababa anga. Anaphunzira ntchitoyi ku Malawi nthawi imene tinathawira nkhondo, ndipo titabwerera anakhala zaka zambiri akulima kachewere, kudikira kuti mawaya afike kwathu. Mawayawo atafika, ine ndikanayamba bwanji kuwauza kuti ndapeza munthu wina? Waya anakagula okha kutsidya kwa malire, wofiira ndi wakuda, nagwira ntchito masiku anayi akuimba nyimbo za kutchalitchi.

Patapita zaka ziwiri, afisikali oyendera magetsi a m'masitolo anafika m'mawa wina ndikukolopa. Anali mayi wamfupi, wosaseka. Pepala lawo linali ndi mizere itatu, ndipo anandifotokozera asanayambe: mzere woyamba ndi wa zolakwika zoti zingadikire, wachiwiri wa zoti zikonzedwe msanga, wachitatu wa zoti zingaphe munthu. Chikangolembedwa chimodzi pachitatupo, magetsi amadula tsiku lomwelo. Ine ndinali ndi konjeladori ziwiri, mafiriji ogona aja, zodzaza nkhuku ndi nsomba za karapau.

Chivundikiro chosowa cha bokosi la mawaya anachilemba pa mzere woyamba. Tomada yosweka, soketi ya pakhoma, pachiwiri. Ndinayamba kupuma bwino. Kenaka anazimitsa switchi, nachotsa babu, nagunda m'kati mwake ndi kasikuludiraiva kawo koyezera. Kanayaka. Anatsegula bokosi la pafupi ndi kontadori, mita ya magetsi, nayang'ana nthawi yaitali.

"Anamanga ndani izi, mayi?"

Mwini ntchito, ababa, anali atafika kale pakhomo, khasu lili paphewa. Uthenga pamsika suchedwa. Kumbuyo kwawo kunali amayi ogulitsa nyemba ndi anyamata a njinga zamoto, onse makosi atatalika.

Afisikali analankhula mwaulemu ndithu. Anati waya amene ababa anaphunzirira ku Malawi, wofiira ndiye wamoto, wakuda alibe moto. Koma waya wochokera mu kontadori yathu kuno, wakuda ndiye wamoto, wabuluu ndiye wopanda moto. Ababa analumikiza wakuda ndi wakuda mnzake. Maswitchi onse anali pa waya wolakwika: ukazimitsa, babu limazima koma moto uli momwemo. Ndinakumbukira mmene magetsi ankandinyerenyetsera m'zala ndikamasintha babu, ine n'kumati ndi manja onyowa.

"Perigozu, bambo, n'zoopsa," anatero afisikali. "Ichi n'chachitatu."

"Wakuda saluma," anatero ababa. "Ndinayamba kugwira waya inu musanabadwe."

Anatsamiritsa khasu, nazimitsa switchi yawo yaikulu, nayamba kukwinya mkono wa malaya. Anali opanda nsapato, pansi panali ponyowa ndi madzi anga okolopera. Afisikali anati, "Bambo, musayerekeze," koma ababa sanawacheukire n'komwe. Ndimawadziwa. Mlendo akawaletsa chinthu ndiye amachichita kawiri. Chimene ankadikira ndi choti mwana wawo aime nawo, ndinene kuti inde, ababa anga amadziwa.

"Ababa, tiyeni tikakambirane kumbuyo," ndinawanong'oneza.

"Choka, iwe."

Ndinawagwira malaya, anandisansa. Dzanja linali litalowa kale m'bokosi. Ndinali ndi mantha amene sindinamvepo chibadwire, ndipo mawu anatuluka aakulu kuposa ine.

"Simudziwa! Mwalakwitsa, ababa! Zaka ziwiri wakhala ukundiluma waya wanuwo, ndimangokubisirani! Mukufuna muphe ndani, ine kapena zidzukulu zanu?"

Msika wonse unamva. Dzanja linaima. Afisikali analowetsa kasikuludiraiva kaja pa waya wakuda, pafupi ndi chala chawo, ndipo kanayaka aliyense akuona. Wina panja anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

Ababa anabweza mkono wa malaya pang'onopang'ono, namanga batani, natenga khasu lawo.

Magetsi anadula masana omwewo. Nkhuku zina ndinakazinga n'kugulitsa motchipa, zina ndinakwirira kuseri kwa baraka ndikulira ngati ndikuika munthu. Mmisiri wa magetsi wokhala ndi mapepala ake amene ndinamuitana anangosinthanitsa mawaya awiri, ntchito yosakwana ndi ola limodzi lomwe, ndipo anandiuza kuti kupatula pamenepo sanaonepo malumikizidwe audongo ngati amenewo. Ndinathamangira kumudzi kukawauza ababa zimenezi. Ndinagwada, ndinapepesa.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero, akupitiriza kusankha mbewu ya kachewere.

Pakhomo pawo ndimadya, amandifunsa za ana, timaseka. Koma papita zaka zitatu, ndipo tsiku lililonse la msika amadutsa pa baraka yanga, amaima panja padzuwa, n'kundipatsa moni ngati kasitomala amene alibe chogula. Ndikati lowani mukhale pansi, amayankha kuti ali bwino pomwepo.