Armindo ndi Matope Ake

Mtendere utabwera, anthu tinachoka ku kampu ya othawa nkhondo ya ku Muloza aliyense ndi chake: wina mbuzi, wina malata. Armindo anabwerako ndi njinga yopanda mabuleki komanso mkazi, Teresinha, amene anamutengera kwawo ku Majaua kukakhala mkamwini.

Apongozi ake, mayi a Teresinha, anamupatsa munda wa pamtsetse umene unagona zaka zonse za nkhondo, dothi lakuda bii. Armindo pofuna kuonetsa mphamvu anatentha tchire lonse, mizere n'kuilozetsa kumtsinje ngati akuilondolera njira. Mvula yoyamba inangoti zikomo, n'kunyamula dothi lonse. Chimanga chinabereka tizisononkho tonga chala.

Kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Mayiwo anafulatira, n'kuuza mwana wawo Armindo ali pomwepo: "Uwauze bambowa kuti nkhokwe ikagonanso ndi njala chaka chamawa, njinga yawo ikuidziwa njira."

Mlamu wake Eusébio, amene nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito m'maboti a nsomba ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja, ndiye anathira tsabola pachilonda.

"Alamu, dothi lanu ndikudziwa kumene lili. Kamtsinje aka kamapatsira Ruo, Ruo apatsira Shire, Shire apatsira Zambezi, mpaka m'nyanja ya mchere. Tikazula nangula ankatuluka ndi matope akuda onunkha, masamba owola ali momwemo. Amagona pansi pamenepo, ena n'kubwera kuwafunditsa. Sabwerako."

"Ndiye nkhanu zikudyerera thukuta langa?"

"Zanenepa, alamu. Zikupereka moni."

M'mawa mwake Armindo anamanga matumba akale a ufa wa ku kampu panjinga, akuti akulondola dothi lake. Teresinha anamufunsa ngati amuphikire kamba wa paulendo wa ku Chinde. Koma sanapite patali. Kumunsi kwa munda, pamene madzi amafika n'kufatsa m'bango, anapeza matope ali phee, akupuma asanapitirize ulendo.

Chilimwe chonse ankakankha njinga yosenza matumba a matopewo kukwera mtunda, kuwabwezera kumunda, thupi lonse matope, maso okha akuyera. Ana ankamuthawa. Ife tinkamufunsa ngati nkhanu zamulola. Mizere ulendo uno anaipingasa, mapesi n'kuwakwirira m'malo motentha.

Pokolola nkhokwe inadzaza, chimanga china n'kusungira kwa Eusébio, amene mwadzidzidzi anayamba kunena kuti nzeru zonse zinali zake.

Apongozi anabwera, anaizungulira nkhokwe, n'kufulatira monga mwa masiku onse.

"Teresinha, uwauze bambowa atsitse katundu panjinga, akhala. Koma kusamba azisambira kumunda. Matope ali m'makutu mwawomo ndi a munda wanga, asapite nawo kumtsinje."

Mpaka lero Armindo akapita kumunda amanyamula ndowa yosambira.